Kabati ya Pakona ya Amake Mapasa

Achemwali anga anthu amawatchula kuti Amake Mapasa, ngakhale mapasawo tsopano ali ndi zaka makumi anayi ndipo mmodzi wayamba kale dazi. M'banja mwathu iwo ndi oyamba kubadwa, ine wachisanu. Mayi athu ankadwaladwala, choncho mbale za pakhomo zinagwera achemwali adakali aang'ono, moti ankaima pa njerwa ziwiri kuti manja afike m'beseni. Ife ang'onoang'ono tinkangodya n'kuthawira kosewera. Sitinafunsepo kuti mbale zimayera bwanji.

Atakula analembedwa ntchito m'sitolo yaikulu, yopakira katundu m'mashelefu, ndipo anakhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankafika sitolo isanatsegulidwe. Wogula akalowa ankapeza shuga pamalo pake, sopo pamalo pake, n'kumaganiza kuti zinthuzo zimakwera zokha. Ntchito imeneyi ilibe satifiketi, koma ili ndi malamulo ake, ndipo achemwali ankawadziwa ngati mayina a ana awo. Cholemera chikhale molingana ndi chiuno. Chimene chimatha msanga chikhale pomwe dzanja limafika munthu asanaganize. Katundu wokayikitsa umamulemba kadontho ka choko kunsi. Pakatha masabata angapo ukamupeza akadali pomwepo ndi choko chake, ndiye kuti sakuyenda, achoke apatse malo anzake.

Kunyumba kwawo malamulo amenewa sankagwira ntchito, chifukwa amene anakonza khitchini si iwo. Anaikonza ndi alamu anga, malemu amuna awo, pamodzi ndi mnzawo wa kuntchito, abambo awiri abwino mtima amene sanatsukepo supuni. Makabati a pansi anawayendetsa mizere iwiri. Mzere woyamba unatsata khoma la zenera, pomwe pali sinki. Wachiwiri unakhota kulowa m'kati mwa nyumba n'kukhala malire a khitchini ndi pabalaza, moti okhala pa sofa ankaona wophika kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Pomwe mizere iwiriyi imakumana panali kabati ya pakona: kachitseko kakang'ono, koma m'kati mwakuya ndi mwamdima. Kuti utenge chinthu cha kumapeto unkayenera kugwada, kulowetsa mutu ndi phewa, n'kumapapasa. Ana ankati ndi kuphanga.

M'phangamo munkakhala mbale za alendo. Sizinali zawo zonse. Zina zinali mphatso, koma zambiri zinabwera ndi abale: "Achemwali, tisungireni izi, kwanu kuli malo." Ine ndemwe ndinasiyako khumi. Pang'onopang'ono nyumba yawo inasanduka nkhokwe ya mbale ya mtundu wonse. Wina akamaliza sukulu, wina akakwezedwa pantchito, wina alendo akamuchulukira, foni inkalira. Achemwali ankagwada, kutulutsa, kutsuka fumbi, kukulunga imodziimodzi m'mapepala, kulongedza m'katoni. Pakapita masiku mbalezo zinkabwerera zili ndi mafuta, ina yobenthuka, ndi mawu akuti, "Pepani, madzi anavuta." Ankatsukanso, kupukuta, kugwadanso. Pa zithunzi za maphwando onsewo mbale zimaoneka bwino kwambiri. Achemwali sapezekapo.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa ndinapita kukawabwezera ambulera. Ndinagogoda osayankhidwa, ndiye ndinatsegula ndi kiyi wanga. M'khitchini ndinapeza miyendo iwiri itatambalala pa simenti, silipasi imodzi itavuka, mutu ndi mapewa zili m'kabati ya pakona.

"Achemwali, mukutani?"

"Ndikuwerenga nyuzipepala," anayankha mawu ochokera m'kati. "Ukuona ngati ndikutani? Gwira miyendo, koma pang'onopang'ono. Chiuno chagwira."

Anali atagona pamenepo maola awiri. Mwana wawo wamwamuna anali ataimba dzulo lake kuti akufuna mbale zazikulu zija Loweruka, kukubwera anzake a kuofesi.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma adokotala anaika malamulo atatu: asagwadenso, asakwerenso pa mpando pofuna za m'mwamba, asanyamulenso cholemera kuchokera pansi. Akadzagwanso chonchi, anatero, kuyenda kudzakhala nkhani ina.

Mapasa anakumana Lamlungu lotsatira pabalaza pa mayi awo, ndipo anandiitana monga mayi wawo wamng'ono. Wamkazi, amene anatsogola kubadwa ndi mphindi makumi awiri ndipo saiwala zimenezo, amagwira ntchito kuchipatala. Tonse timangoti Nesi. Wamwamuna timamutchula Pulani, chifukwa kuyambira ali mwana sangapite ngakhale kumsika asanajambule kaye papepala.

"Amayi, nkhani yatha kale," anatero Pulani. "Chipinda cha alendo kwathu ndapentetsa. Bedi watsopano ndaika. Kumapeto kwa mwezi mukusamuka, muno tiikamo anthu ena."

"Wapenta mtundu wanji?"

"Wachikasu."

"Kodi ndine dzira?"

Nesi sanaseke. "Amayi, akanapanda kubwera mayi aang'ono ndi ambulera, mukanagona m'kabatimo mpaka liti? Ine sindikufuna kudzakulandirani pa machira kuntchito kwanga."

Ine kwa Pulani ndimakudziwa. Kuli ana atatu, mkazi wake amachoka m'mawa kubwera dzuwa litalowa, ndipo sinki yakumeneko siiuma. Palibe amene akanawauza achemwali kuti tsukani. Akanangoona mbale zitaunjikana, manja n'kupita okha. Akanasiya nyumba imene akhalamo zaka makumi atatu, kadimba kawo ka kuseri, kiyi wa chitseko chawo, n'kukakhala m'chipinda chachikasu ndi dzina lakuti akupumula, uku akugwira ntchito ya anthu awiri.

Achemwali anayang'ana ndodo imene anawapatsa kuchipatala.

"Chinandigwetsa ndi nyumba kapena kabati?"

"Kabati," anavomera Nesi.

"Ndiye musamutse kabati. Ndipatseni miyezi iwiri ndi kalipentala. Ikatha, iwe Nesi ubwere udzandione ndikuphika, kuyambira kutenga poto mpaka kubweza supuni yomaliza. Ukadzandiona ndagwada kapena ndakwera penapake, ndidzalongedza ndekha."

Nesi anayang'ana mlongo wake, kenako mayi ake. "Ngakhale kamodzi, Amayi. Ndipo ine sindikhululuka, mumandidziwa."

"Ndinakubala ndine."

Kalipentala amene Pulani anabwera naye anali bambo wamfupi wa mawu ambiri, wodziwika kuti a Pensulo, chifukwa pensulo siinkachoka kukhutu kwawo ngakhale pakudya. Anayeza khoma la zenera, anayeza mzere wokhota, analemba manambala pa kathabwa. Kenako iwo ndi Pulani anaweramira pa foni, mitu itagundana.

"Mayi, masiku ano kona si vuto," anatero a Pensulo. "Onani iyi. Mashelefu awiri ozungulira ngati gudumu. Mukakankha ndi chala, cha kumbuyo chimabwera chokha kutsogolo."

"Palinso iyi ya madengu achitsulo," anawonjezera Pulani. "Mukakoka chitseko, madengu amatuluka motsatana. Kapena timangodula kona mopingasa, chitseko chikhale chachikulu. Ine ndasankha yozungulira."

"Wasankha," anatero achemwali. "Bambo, makoma onse mwayeza. Ine mundiyeza liti?"

A Pensulo anaseka. "Mayi, ine sindisoka madiresi."

"Ndiye mubwerenso pakatha masabata awiri. Ndiyambe ndadziyeza ndekha."

M'mawa mwake ndinagwada ndine. Ndinatulutsa zonse za m'makabati, tinaziyala pa tebulo, pa sofa, mpaka pansi: mbale, makapu, matambula, mabakuli, mathireyi, mapoto, zivindikiro zimene mapoto ake anabooka kalekale. Achemwali anakhala pa mpando ndi choko. Ine ndinkawapatsira chimodzichimodzi, iwo n'kulemba kamtanda kunsi kwake. Panalibe chinanso chofunika. Chimene adzachigwiritse ntchito adzachitsuka, ndipo madzi adzafufuta choko.

Masabata awiri anaphika ndi kudya monga mwa masiku onse, akutola ziwiya pa tebulo. Ine ndinadya nawo kanayi. Anansi awo anamwa nawo tiyi kangapo. Tsiku lomaliza tinatembenuza chilichonse. Zopanda choko sizinadzaze ngakhale theka la tebulo: mbale zisanu ndi imodzi, makapu anayi, matambula atatu, mapoto atatu, chiwaya, bakuli limodzi ndi ketulo. Zotsala zonse, mbale zopitirira makumi asanu ndi awiri ndi zinzake, zinali ndi timitanda take toyera.

Achemwali anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Kusitolo akanandichotsa ntchito," anatero. "Zaka makumi atatu ndikuthyokera msana katundu wosayenda."

Tsiku lomwelo anaimbira eni mbale mmodzimmodzi kuti abwere adzatenge zawo. Aliyense anayamba ndi kufunsa za chiuno, mwachifundo ndithu, kenako n'kunena kuti kwawo kulibe malo. Anabwera awiri okha. Ine zanga khumi ndinanyamula mwamanyazi, ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zonsezo ndinali nditaiwala ngakhale maluwa ake.

Zithunzi za pa foni zija achemwali sanazikane asanaziyese; si khalidwe lawo. Anzawo akale a kusitolo anatipatsa makatoni. Ndinadula chozungulira chachikulu motsatira manambala a a Pensulo, ndinachipinda kuti chilowe pa kachitseko, n'kuchikhazika m'phanga muja pa ndowa yozondotsa. Tinasanjapo ziwiya. Mbale zozungulira pa shelefu yozungulira zinkasiya mipata paliponse. Chigwiriro cha chiwaya chinkatulukira kunja n'kumagunda m'mbali tikazunguza. Chivindikiro china chinatsetsereka n'kugwera kumbuyo, kumdima komwe kuja.

"Akachitole ndani chimenecho?" anafunsa achemwali.

"Ine."

"Iwe uli ndi kwanu."

Komanso shelefu ya m'munsi, ngakhale izungulire bwanji, inali yofika m'akakolo basi. Madengu achitsulo sanatichedwetse: tinamanga chingwe ku katoni yodzaza mbale, anakoka kamodzi, chiuno chinawachenjeza. Kudula kona mopingasa kukanadya pomwe amaponda akamachoka pa sinki kupita pa sitovu, pamene tsopano pankafunika malo a miyendo iwiri ndi ndodo.

Kenako anamasula chingwe chija n'kundipatsa. Anaima chilili pafupi ndi sinki, ine ndinapondetsa nsonga imodzi pansi, ndipo tinamanga mfundo ziwiri: ina pomwe zala zawo zimafika atatsitsa dzanja osawerama, ina pomwe zimafika atakweza dzanja osanyanyamphira.

"Zanga zonse zikhale pakati pa mfundo ziwirizi," anatero.

A Pensulo ndi Pulani atabweranso anapeza pabalaza pali ngati pamsika. Achemwali anapereka chingwe kwa a Pensulo.

"Diresi langa ndi limeneli, bambo. Pakati pa mfundo ziwirizi mundiikire madilowa akuya, awiri pafupi ndi sinki, awiri pa mzere uwu. Mbale ziziima chilili pakati pa timitengo, osati kusanjikizana, kuti ndikafuna ya pansi ndisayambe ndanyamula zisanu. Mapoto akhale m'dilowa ya pafupi ndi sitovu. Makapu azikolekedwa m'mbali mwa zenera."

"Nanga pakona?" anafunsa Pulani.

"Pakona mutseke. Mukhomerepo thabwa, pasakhale chitseko."

A Pensulo anachotsa pensulo kukhutu. "Mayi, malo onsewo afe? Anzanga akadzaona adzati a Pensulo kona inawakanika. Ine dzina langa limayenda ndi ntchito yanga."

"Safa. Tabwerani kuno."

Anazungulira ndi ndodo yawo kupita mbali ya pabalaza. Pamenepo, motsamira kumsana kwa makabati, panali mpando waukulu wa malemu alamu anga. Unali usanasunthidwepo chiuikireni. Ngakhale pokolopa tinkangouzungulira.

"Tsiku lija ndinagona m'phangamo maola awiri," anatero achemwali. "Munthu ukagona malo amodzi maola awiri umayamba kuona zinthu. Kumapeto kwa mdima kunali kamng'alu, kuwala kukulowa. Nditayang'anitsitsa ndinaona mwendo wa mpando uwu. Kuseri kwa kabati imeneyi kulibe khoma, bambo, ndi thabwa chabe. Chimene kukhitchini chili kutali, kuno chili pakhomo penipeni. Iwe Pulani, kankha mpando wa bambo ako."

Pulani sanasunthe. "Amayi, bambo ankakhala pamenepa."

"Ankakhala. Eni ake anasamuka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndiye mpando ukanirire? Kauike pa zenera. Ankadandaula okha kuti pano pali mdima."

Anaukankha. Pa simenti panatsala zizindikiro zinayi za miyendo yake. A Pensulo anagwada, anagogoda thabwalo ndi chala, linalira ngati mgolo wopanda kanthu. Anagogodanso cha m'mbali, cha m'munsi. Kenako anabweza pensulo kukhutu.

"Zitseko ziwiri zikwana apa," anatero potsiriza. "Zazikulu ndithu. Munthu azingotsegula n'kuona zonse."

"Komabe ndi pansi," anatero Pulani. "Kaya mbali iyi kaya iyo, kuti mutenge mbale mugwada basi. Nesi akuonani."

"Wanena ndani kuti ndizitenga ine?"

"Nanga alendo akabwera?"

"Alendo ali ndi mawondo. Iwenso uli nawo awiri, ndinakupatsa ndine, akadali atsopano. Kabati iyi ikhala ya amene akufuna mbale. Atsegule yekha, atsuke yekha, abweze yekha. Kukhitchini kwanga kusakhale khomo lopita kumeneko, kuti ngakhale mtima utandinyenga, dzanja lisapeze polowera."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwira. Achemwali sankaopa chiuno chokha. Ankadzidziwa. Foni ikanalira, mawu a mwana akanati, "Amayi, mbale zija," ndipo akanagwada mawu a adokotala akadali m'khutu. Thabwa limene ankafuna likhomedwe linali lotsekera iwo eni.

Ntchito inatenga masabata atatu. Masiku oyamba a Pensulo ankang'ung'udza, akuyeza ndi tepi kenako ndi chingwe, nkhope ili ngati ya munthu womwa mankhwala owawa. Dilowa yoyamba anaiika m'munsi mwa mfundo pang'ono, poganiza kuti sizioneka. Achemwali anaima pafupi, anatsitsa dzanja, zala zinalendewera pamwamba pa chigwiriro.

"Bambo, kapena ndatalika sabata ino?"

"Ndi zala zitatu zokha, mayi."

"Zala zitatu zimenezo zindisamutsa m'nyumba muno."

Anaichotsa n'kuikweza. Kunsi kwa madilowa anasiya mpata, pomwe achemwali anaikapo kampando kokhalira posenda, koti azikakoka ndi ndodo. Timitengo toimikira mbale anatisema katatu, chifukwa achemwali ankabweretsa mbale yeniyeni, yonyowa, kuti aone ngati madzi ake sagwera pa inzake.

Ntchito ili m'kati, msuweni wathu wina anaimba kuti akufuna mathireyi ndi matambula. Ndinali pomwepo. Ndinaona dzanja la achemwali likufunafuna ndodo kuti adzuke, kenako linabwerera pa bondo.

"Zilipo," anayankha. "Ubwere ndi katoni ndi mapepala ako. Pobweza zikhale zouma."

Madzulo ake msuweniyo anandiimbira ine. "Kodi Amake Mapasa akupeza bwanji? Akumveka ngati asintha." Ndinamuuza kuti akupeza bwino kwambiri.

Pofika sabata yachitatu a Pensulo anali atayamba kuitana anzawo odutsa pamsewu kuti adzaone. Ndinawamva akuuza wina kuti, "Kona yotsegukira kuseri. Ndi nzeru imene ndakhala ndikuiganizira kwa zaka." Achemwali anamva nawo. Anangowathirira tiyi wina.

Tsiku la mayeso linali Loweruka masana. Nesi anafika atavala za kunyumba koma nkhope ili ya kuntchito. Pulani anafika ndi mkazi wake ndi ana atatu, m'manja muli masutikesi awiri opanda kanthu. Anawaimika pakhomo.

"Ndangotenga kuti mwina," anatero.

"Waganiza bwino," anatero achemwali. "Asiye pomwepo aonere nawo."

Nesi anakoka mpando n'kukhala polowera kukhitchini, pomwe ankaona mayi ake kuyambira kuphazi. Anatiletsa tonse kuthandiza. Ine manja ankandiyabwa, moti ndinachita kuwakhalira.

Achemwali anakoka dilowa ndi zala ziwiri, poto anatuluka pa msinkhu wa chiuno. Anatsuka mpunga, anateleka nyama, anakoka kampando ndi ndodo, anakhala pansi n'kusenda anyezi. Sankafulumira. Mpeni, mchere, mafuta, chilichonse chinkapezeka pomwe dzanja lapita. Zonse zinkayenda bwino mpaka supuni inaterereka m'mphepete mwa sinki n'kugwa pa simenti. Tonse tinaimva. Pulani anacheukira masutikesi.

Achemwali anayang'ana supuniyo, kenako Nesi. Anatsamira pa sinki ndi dzanja limodzi, n'kutembenuza ndodo yawo. Ku chigwiriro chake a Pensulo anali atawamangirira kamaginito kochokera mu wailesi yakale, chinthu chimene ngakhale ine sanandiuze. Supuni inadumpha n'kukakamira. Anaichotsa, anaiponya m'madzi, anapitiriza kutakasa nyama.

"Zimenezo ndi zachinyengo," anatero Pulani.

"Tinagwirizana kuti asagwade," anatero Nesi. "Sanagwade. Khala chete, mwana iwe."

"Mphindi makumi awiri zokha."

"Ndinazigwiritsa ntchito bwino."

Chakudya chitapsa, achemwali anatulutsa mbale zawo zisanu ndi imodzi, anaziika pa tebulo, anakhala pansi n'kudzigawira.

"Amayi, tilipo asanu ndi atatu," anatero Pulani.

"Ndaona."

Mkazi wa Pulani anayamba kudzuka, monga momwe akazi tonse timachitira tisanaganize. Achemwali anamugwira dzanja.

"Khalani, apongozi. Inu mwaima kale sabata yonse."

Pulani anayang'ana uku ndi uku, koma aliyense anali wotanganidwa ndi chakudya. Anakweza thalauzi lake losita bwino, anagwada pa simenti, anatsegula zitseko ziwiri zija. Mbale zonse zinali poyera, mizere mizere. Anatenga ziwiri, koma sanadzuke msanga.

"Zonsezi munkazitulutsira pa kachitseko kaja?"

"Ndi kuzibwezanso."

Anatseka zitsekozo mwakachetechete n'kubwera kudzadya.

Titatha, achemwali anatsuka mbale zawo zisanu ndi imodzi, mapoto, bakuli, anapukuta, anaimika chilichonse pamalo pake. Mbale ziwiri za pakona anazisiya pambali pa sinki osazikhudza. Anabweza supuni yomaliza, anakankha dilowa ndi chiuno, anapukuta manja, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

Nesi anadzuka. Anakoka dilowa iliyonse n'kuikankha, kuyesa kulemera kwake. Anaponda thabwa lotseka pakona kuti aone ngati lingagwedezeke. Anayang'ana pamwamba pa makabati ngati pabisidwa china chofuna kukwera. Panalibe.

"Kubafa ndidzaikitsako chogwirira sabata yamawa," anatero. "Ndipo foni izikhala m'thumba la epuloni, osati pa tebulo."

"Ndiye kuti bwanji?"

"Ndiye kuti mukhala, Amayi. Ndilibe chonena."

Achemwali anangoti, "Chabwino." Koma ndinaona dzanja lawo likusisita m'mphepete mwa thabwa latsopano, uku ndi uku, ngati akusisita mutu wa mwana amene wakhoza mayeso.

Pulani anaima pa sinki n'kutsuka mbale zake ziwiri, madzi akumuthovukira pa malaya. Anaziimika kuti ziume, anauza ana kuti atsanzike agogo, ananyamula masutikesi ake.

"Nanga chipinda chija nditani nacho?"

"Ukaikemo mbale. Zako zilimo khumi ndi ziwiri m'menemu, tsiku lililonse ungatenge."

Mkazi wake anaseka mpaka anagwira khoma. Anatuluka onse, Pulani ali pambuyo, masutikesi opanda kanthu akumuomba m'miyendo. Achemwali anatola imodzi mwa mbale ziwiri zija, anaiyang'anitsa pa kuwala, anayendetsa chala kunsi kwake. Kenako anakankha zenera.

"Pulani."

"Amayi?"

"Mbale ili ndi mbali ziwiri. Iwe watsuka imodzi."

Anaima pa geti kanthawi. Kenako anatula masutikesi pa udzu, anapinda manja a malaya, n'kubwerera.